Mpando wa Mlembi m'Minibasi: Kuunika Maulendo a Theroux, Khumalo ndi Nyathi

Mawu Oyamba

Anthu ambiri a kummwera ndi pakati pa Africa akamayenda ulendo wautali sakwera ndege kapena sitima ya pamtunda. Amakwera kagalimoto kamene kadapangidwa kuti kanyamule anthu 15 kapena 16, koma kamene kawirikawiri kamanyamula oposa pamenepo, pamodzi ndi matumba a ufa, nkhuku ndi ana oyamwa. Ku Malawi ndi ku Zambia galimotoyi amaitcha minibasi, ku Zimbabwe kombi, ku Mozambique chapa, ku Tanzania daladala, ku Kenya matatu, pamene ku South Africa amangoti tekisi. Galimoto imene yanyamula anthu ochuluka chotere, kupita kuntchito, kumaliro ndi kunja kwa dziko, siingalephere kulowa m'zolemba.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika momwe alembi atatu adafotokozera ulendo wa pa galimoto yotereyi. Woyamba ndi Paul Theroux wa ku America, m'buku lake la Dark Star Safari la 2002. Wachiwiri ndi Sihle Khumalo wa ku South Africa, m'buku la Dark Continent My Black Arse la 2007. Wachitatu ndi Sue Nyathi wa ku Zimbabwe, m'nthano yake yaitali ya The Gold Diggers ya 2018. Mfundo ya nkhaniyi ndi yakuti zimene mlembi amaona m'minibasi zimadalira funso limodzi: kodi iye, kapena mtengambali wake, ali ndi ufulu wotsika pamene wafunira? Wokwera amene angathe kutsika n'kukagona kuhotela amaona kuthinana, thukuta ndi ngozi. Wokwera amene ndalama zake zonse zathera pa mpando umenewo amaona anthu amene wakhala nawo, pakuti moyo wake uli m'manja mwawo.

Galimoto Yodzaza m'Zolemba

Kusonkhanitsa anthu osadziwana m'galimoto imodzi ndi luso lakale. Katswiri wa ku Russia, Mikhail Bakhtin, m'nkhani yomwe adailemba m'zaka za 1937 ndi 1938, adaonetsa kuti msewu m'nthano ndi malo amene anthu osiyana chuma, chipembedzo, msinkhu ndi mtundu amakumana mosayembekezera, ndipo malire amene amawalekanitsa masiku onse amagwedezeka. Guy de Maupassant, m'nthano yaifupi ya Boule de Suif ya 1880, adakweza anthu khumi m'ngolo imodzi yothawa mumzinda wa Rouen pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia. Olemera ndi opembedza a m'ngoloyo adadya kamba wa mkazi woyendayenda njala itawapha, koma pambuyo pake adamukankhira kwa msilikali wa adani kuti ulendo upitirire, kenako n'kumunyoza.

Chitsanzo chapafupi ndi cha Chinua Achebe m'buku la No Longer at Ease la 1960. Obi Okonkwo, atangobwera kuchokera kumaphunziro ku England, akukwera lole yonyamula anthu kuchoka ku Lagos kupita kwawo, ndipo wakhala kutsogolo pamodzi ndi dalaivala. Apolisi ataimitsa loleyo, akuopa kulandira chiphuphu cha masheleni awiri chifukwa Obi akuwayang'anitsitsa. Mapeto ake eni galimoto akulipira masheleni khumi mobisa, ndipo dalaivala ndi okwera akukwiyira Obi m'malo mokwiyira apolisi. Achebe sakuikira kumbuyo ziphuphu. Akuonetsa kuti galimoto yodzaza ili ndi malamulo ake, ndipo munthu wa pa mpando wa kutsogolo akhoza kuona cholakwa molondola koma osadziwa amene alipire mtengo wa chilungamo chakecho.

Minibasi nayonso ili ndi mbiri imene wowerenga ayenera kuidziwa. Ku South Africa ulamuliro wa tsankho udaika anthu akuda kutali ndi malo a ntchito. Zithunzi za David Goldblatt m'buku la The Transported of KwaNdebele la 1989 zimaonetsa antchito akugona m'mabasi usiku popita ndi pochokera ku Pretoria. Lamulo la zamtengatenga la 1977 lidasiya kampata kamene eni matekisi adalowerapo, ndipo m'zaka za 1987 ndi 1988 boma lidamasula malondawa. Mpikisano wolimbirana misewu udabala nkhondo za matekisi zimene zidapha anthu ambiri. Ku Malawi akuluakulu amakumbukira mabasi a UTM, omwe pambuyo pake adakhala Stagecoach kenako Shire Bus Lines, ndipo maminibasi adachuluka pamene mabasi oyendera nthawi yoikika adayamba kuchepa. M'mayiko onsewa minibasi idalowa pamene boma ndi makampani akuluakulu adasiya mpata.

Theroux: Mlendo Wodza ndi Kalumo

Theroux si mlendo wamba ku Malawi. Adabwera m'chaka cha 1963 pansi pa bungwe la Peace Corps, adaphunzitsa pa Soche Hill, adaphunzira Chichewa, ndipo m'chaka cha 1965 adapirikitsidwa chifukwa chothandiza anthu amene boma la Dr. Banda linkawaona ngati adani pambuyo pa kugawanika kwa nduna kwa 1964. M'chaka cha 2001, atayandikira zaka 60, adayenda kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town pa sitima, pa malole, pa mabasi, pa bwato ndi pa maminibasi. Gawo la Malawi ndi limodzi mwa magawo owawa kwambiri m'buku la Dark Star Safari, chifukwa mlembiyo adapeza sukulu yake yakale itawonongeka.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Theroux n'kakuthwadi. Zimene amanena za liwiro, matayala akutha ndi kudzaza kopyola muyeso si zopeka. Aliyense amene adayendapo pa msewu wa M1 amazidziwa, ndipo mabanja ambiri adaika maliro chifukwa cha zimenezi. Theroux amaonetsanso mwaluso kusiyana kwa minibasi yothinana ndi galimoto zoyera za mabungwe othandiza, zimene zimadutsa pa msewu womwewo zili ndi mipando yopanda anthu. Chithunzi chimenechi chimafotokoza za kusalingana kwa anthu kuposa masamba ambiri a malipoti a chitukuko.

Vuto lake ndi lakuti minibasi m'bukuli imasanduka chiphiphiritso msanga. Imaimira Africa yense amene, m'maso mwa mlembi, wabwerera m'mbuyo kuchokera m'zaka za m'ma 1960. Galimoto ikangosanduka chiphiphiritso, anthu a m'katimo amasiya kukhala anthu payekhapayekha. Theroux amacheza nthawi yaitali ndi aphunzitsi, amishoni, akuluakulu a boma ndi anzake akale, koma okwera anzake kawirikawiri amaoneka ngati gulu limodzi lopirira mwakachetechete. Mary Louise Pratt, m'buku la Imperial Eyes la 1992, adadzudzula kale kalembedwe ka Theroux pounika buku lake lina la ulendo wa ku South America. Pratt adati mlembi wotere amaima ngati mfumu yoyang'ana dziko kuchokera pamwamba, ndipo chimene iye sadachione amachitenga ngati kulibe. M'minibasi mulibe malo okwera oimapo, koma Theroux amawapeza m'zikumbukiro zake.

Funso limene bukuli silikhalitsapo ndi la ndalama. Chifukwa chiyani dalaivala amathamanga? Matteo Rizzo, m'buku la Taken for a Ride la 2017, adaonetsa kuti antchito a m'madaladala a ku Dar es Salaam ankagwira ntchito popanda mgwirizano wolembedwa. Tsiku lililonse ankayenera kupereka kwa mwini galimoto ndalama yoikika, kugula mafuta, ndipo malipiro awo adali zotsalazo. Munthu wogwira ntchito motero amadya pokhapokha akapanikiza okwera ndi kuchulukitsa maulendo. Kenda Mutongi, m'buku la Matatu la chaka chomwecho, adaonetsa kuti malonda a matatu ku Nairobi adakula ndi ndalama ndi nzeru za Akenya eni ake, popanda thandizo la boma kapena la mayiko akunja. Apa mfundo za Theroux zikuwombana zokha. M'buku lonse iye akudandaula kuti thandizo lakunja lapha mtima wodzidalira, koma galimoto imene akuinyansidwa nayo ndi imodzi mwa ntchito zikuluzikulu zimene Aafrica adadziyambira okha.

Khumalo: Mbale Wokhala ndi Tikiti Yobwerera

Khumalo adatembenuza njira. M'chaka cha 2005, pokondwerera zaka 30, adasiya ntchito yabwino n'kuyenda kuchokera ku Cape Town kupita ku Cairo, njira imene kale idali loto la Cecil Rhodes ndi atsamunda anzake. Dzina la buku lake ndi mwano wadala wotukwana mbiri yakuti Africa ndi dziko la mdima. Pa mutu waung'ono wa bukuli pali liwu lakuti matola, limene Mmalawi aliyense amalimva kuti ndi galimoto yotola anthu m'njira. Kuika liwu lotere pa chikuto cha buku losindikizidwa ku South Africa ndi kulengeza kuti ulendowu udzafotokozedwa kuchokera pakati pa okwera.

Mphamvu ya Khumalo ili pa nthabwala. Iye amadziseka yekha, mantha ake, umbuli wake wa mayiko oyandikana nawo ndi kusapirira kwake. Kudikira kuti galimoto idzaze, kumene kwa mlembi wina kukadakhala umboni wa kulephera kwa dziko, kwa Khumalo ndi mwayi wa nthano. Khungu lake limamubisanso. Palibe amene amamupatsa mpando wa kutsogolo chifukwa cha maonekedwe, ndipo amadziwika kuti ndi mlendo pokhapokha akatsegula pakamwa. Mwa ichi bukuli lidatsegula khomo, pakuti lidaonetsa kuti munthu wakuda wa ku Africa akhoza kukhala wolemba za maulendo m'malo mokhala wonyamula katundu wa wolembayo.

Komabe Khumalo, monga Theroux, ali ndi ufulu wotsika. Ali ndi pasipoti yovomerezeka, ndalama za dziko lolemera kuposa mayiko amene akudutsamo, ndi kwawo kumene akumudikira. Mavuto a pa msewu ndi mbali ya chisangalalo chimene adachisankha yekha. N'chifukwa chake muyeso wake nthawi zambiri umakhala South Africa: misewu, zimbudzi ndi kasungidwe ka nthawi zimayerekezedwa ndi za kwawo. Chofooka china ndi momwe amaonera akazi. Mkazi wa pa ulendo kawirikawiri amafotokozedwa potengera maonekedwe ake, ngati chinthu china chokometsa njira. Wowerenga amene amadziwa nthano yaifupi ya Miriam Tlali yotchedwa Fud-u-u-a!, ya m'buku la Footprints in the Quag la 1989, amene amafotokoza zimene akazi amakumana nazo m'sitima yothinana ya ku Soweto, amadziwa kuti kuthinana kumene mwamuna amakuseka kumakhala chinthu china kwa mkazi. Nthabwala za Khumalo sizifika pamenepo.

Nyathi: Okwera Osatha Kutsika

Nthano ya Nyathi ikuyambira mumzinda wa Bulawayo m'chaka cha 2008. Chaka chimenecho chuma cha Zimbabwe chidagweratu, kotero kuti m'mwezi wa July boma lenilenilo lidawerengera kukwera mitengo kwa zinthu pa 231 miliyoni peresenti. M'mwezi wa May chaka chomwecho anthu 62 adaphedwa ku South Africa pa zipolowe zodana ndi obwera, zimene zidayambira ku Alexandra. Pakati pa moto uwiriwu Nyathi akuikapo galimoto imodzi ya Toyota Quantum, yoyendetsedwa ndi Melusi, mmodzi mwa anthu amene m'Chindebele amawatcha omalayitsha. Awa ndi onyamula katundu ndi anthu pakati pa Zimbabwe ndi South Africa, ndipo ena mwa iwo amawolotsa anthu opanda zitupa. Ulendo wa ku Johannesburg ndi wa makilomita oposa 800, ndipo pakati pake pali mtsinje wa Limpopo ndi chipata cha Beitbridge.

M'galimotomo muli Gugulethu, mwana wofuna kukakumana ndi mayi ake. Dumisani, mnyamata wokhulupirira kuti akalemera. Chamunorwa ndi Chenai, mapasa othawa zowawa za kwawo. Ndi Portia ndi mwana wake Nkosi, olondola mwamuna amene amabwera kumudzi kamodzi pa chaka. Kungotchula mayinawa kukuonetsa kusiyana kwa bukuli ndi awiri oyamba aja. Gulu lopirira la Theroux lagawika kukhala anthu, aliyense ndi chifukwa chake chokhalira pa mpando umenewo. Palibe mmodzi yemwe amene angatsike. Ndalama adalipira kale, kumbuyo kulibe chobwererako, ndipo munthu wopanda chitupa sangakadandaule kupolisi. Dalaivala, amene kwa woyenda mosangalala ndi munthu wothamangitsa galimoto mopusa, pano ndi mwini mphamvu pa moyo wa okwera. Iye ndi mpulumutsi ndiponso wamalonda amene katundu wake ndi anthu.

Nyathi akugwiritsa ntchito minibasi monga momwe Maupassant adagwiritsira ntchito ngolo, koma akupitirira. Galimotoyi ndiyo maziko a tsatanetsatane wa nthano yonse. Imasonkhanitsa atengambali kumayambiriro, kenako n'kuwamwaza mu Johannesburg, ndipo mfotokozankhani amawatsata mmodzimmodzi. Kamangidwe kameneka kali ndi tanthauzo lake. Ubale wa m'minibasi ndi weniweni pamene galimoto ikuyenda, koma umatha pa siteji yomaliza. Anthu amene adagawana mantha usiku umodzi amakalowa mumzinda aliyense payekha.

Bukuli lili ndi zofooka zake. Okwera akangomwazikana, masoka amawunjikana mofulumira, kotero kuti nthawi zina mtengambali aliyense amaoneka ngati wasenzetsedwa vuto limodzi mwa mavuto a obwera kuti aliimire. Pamenepo nthano imayandikira lipoti. Ulendo weniweniwo, umene ndi gawo lamphamvu, ukadatha kukhalitsidwa. Ngakhale zili choncho, Nyathi wachita chimene mabuku a maulendo amalephera kuchita. Wachotsa maso a woonerera n'kuika wowerenga pa mpando wa munthu amene ngozi ya pa msewu ndi imodzi chabe mwa zoopsa zimene akuziwerengera, ndipo mwina si yaikulu koposa.

Chiyankhulo cha m'Minibasi

Mabuku atatuwa adalembedwa m'Chingerezi, pamene moyo wa m'minibasi umachitika m'ziyankhulo zina. Kutayika kumene kumachitika apa n'kwakukulu, chifukwa dongosolo la m'galimoto yodzaza limakhala m'mawu. Kondakitala wa ku Limbe kapena ku Lilongwe popanikiza okwera sangoti sunthani. Amati amayi, achimwene, achemwali, madala kapena bwana, ndipo liwu limene wasankha limaonetsa momwe wamuyezera munthuyo. Mawu aubalewa amafewetsa chipongwe cha kuthinana, komanso amapatsa wokwera ufulu wodzudzula: mayi amene watchedwa amayi akhoza kukalipira kondakitala ngati mwana wake. Woitanira amalumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha, ndipo onse amadziwa kuti ndi bodza lovomerezeka. Ndalama imachoka ku mpando wa kumbuyo, kudutsa m'manja mwa anthu osadziwana, ndipo chenji chimabwerera njira yomweyo. Ku South Africa wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amayembekezereka kuwerengera ndalama za onse. Mwana wa munthu wina amaikidwa pa miyendo ya mlendo popanda kukambirana kwambiri.

Zonsezi ndi malamulo osalembedwa, ndipo munthu amene sakumva chiyankhulocho amangoona chisokonezo. Izi sizitanthauza kuti m'minibasi muli mtendere. Muli kuba, kutukwana, kukweza mitengo pakati pa njira ndi kuchitira akazi zosayenera. Koma mlembi amene akumva mawu onse amatha kusiyanitsa nkhanza ndi nthabwala, chinyengo ndi mwambo, ndipo pa kusiyanitsa kumeneku ndi pamene nthano yabwino imamera.

Nkhaniyi ikukhudza olankhula Chichewa mwachindunji. Njira ya kummwera ndi yakale kwa iwo. Mawu akuti ku Halale, ku Joni, ku Theba ndi matchona adabadwira pa njirayi. Depoti ya mabasi ya Wenela mu Blantyre idatenga dzina la bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, limene Dr. Banda adaliimitsa m'chaka cha 1974 ndege yonyamula Amalawi ogwira ntchito kumigodi itagwa ku Francistown. Ulendowo sudathe. Anthu amaolokabe pa Mwanza ndi Zóbuè, kudutsa Tete, Nyamapanda ndi Harare mpaka pa Beitbridge, pa mabasi akuluakulu, pa mathiraki ndi pa maminibasi. Pa chipata chimenecho Mchewa, Mlomwe, Myao ndi Mtumbuka amakumana ndi okwera a Nyathi, ali ndi mantha ofanana. Legson Kayira, m'buku la I Will Try la 1965, adafotokoza ulendo wake wa pansi wolowera kumpoto pofuna maphunziro. Kayira adali yekha ndi cholinga chake. Ulendo wa m'minibasi ndi wa gulu, ndipo umafuna kalembedwe kotha kunyamula mawu a anthu ambiri nthawi imodzi.

Mawu Omaliza

Mabuku atatuwa ali ndi phindu losiyana. Theroux ndi mboni ya ngozi ndi kusalingana, ndipo mkwiyo wake suyenera kutayidwa chifukwa chakuti ndi wa mlendo. Khumalo adalanda cholembera cha maulendo m'manja mwa alendo n'kuonetsa kuti msewu womwewo ukhoza kusekedwa. Koma onse awiri amalemba ngati anthu amene akudziwa kuti kuthinanaku kudzatha ndipo kudzasanduka buku. Nyathi yekha ndiye adalemba za anthu amene minibasi ndi khomo lokhalo lotulukira, ndipo n'chifukwa chake okwera ake ali ndi mayina, abale ndi ngongole.

Wophunzira wounika zolemba za maulendo a muno ayenera kufunsa komwe mfotokozankhani wakhala, amene wamulipirira mpando, ndi chimene chingamuchitikire atatsitsidwa pakati pa njira. Mayankho ake amafotokoza chifukwa chimene mlembi wina amaona mulu wa matupi pamene wina amaona mayi wa mwana akulondola mwamuna wake. Mlembi wa Chichewa amene asankha kulemba ulendo wa pa Wenela mpaka ku Park Station ali ndi chida chimene atatuwa adalibe: akhoza kulemba mawu a kondakitala, a woitanira ndi a mayi wa pa mpando wa kumbuyo m'chiyankhulo chimene adanenedwera.